Lole ikagona pamzere ku Chinkhoma, alipire ndani?

Funso: Mwini lole wina wa ku Kasungu akuti mkhalapakati amamupezera mabelo a fodya opita ku msika wa ku Chinkhoma, koma lole ikagona pamzere masiku angapo salandira kanthu. Atani?

Yankho: Vuto lagona pa mgwirizano wapakamwa. Ku Chinkhoma, monganso ku msika wa ku Kanengo, mabelo satsitsidwa lole ikangofika, makamaka fodya akachuluka pamsika. Choncho asanakweze belo n'limodzi lomwe, alemberane ndi mkhalapakatiyo mtengo wonyamulira belo lililonse, gawo limene iyeyo atenge, komanso ndalama ya tsiku lililonse lodikira.

Adziwenso mwini katundu weniweni, kaya ndi kalabu ya alimi kapena kampani. Nthawi zambiri ndalama yonyamulira imadulidwa fodya akagulitsidwa, ndiye imachedwa. Ya dizilo alandiriretu asananyamuke.