Fupa la Msongolo Likathyoka: Chikhakha Kapena Opaleshoni?

Ngozi za njinga zamoto za kabaza zikuthyola anthu ambiri msongolo, fupa lomwe lili pafupi kwambiri ndi khungu.

Fupa likathyoka osasuntha, chikhakha chimakwanira. Ma orthopaedic clinical officer, omwe Malawi anayamba kuwaphunzitsa mu 1985, amachimanga m'zipatala za maboma, ndipo munthu wamkulu amakhala nacho miyezi itatu kapena kuposerapo. Koma zidutswa zikasiyana, madokotala a ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central amalowetsa chitsulo m'kati mwa fupalo. Wodwala amayamba kuponda msanga, ngakhale kuti ena bondo limawawawa.

Fupa likaboola khungu, zodikira kapena zopaka zitsamba ayi ndithu: bala likatsukidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Wovala chikhakha naye abwerereko mwachangu zala zikachita dzanzi kapena ululu ukamakula.