Zimene zili pansi pa mzere wakuda

Pa 8 Januwale 2019, maloya a Paul Manafort, mkulu amene anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump mu 2016, anapereka chikalata kukhoti ku Washington. Ankayankha zimene Robert Mueller, wofufuza milandu wapadera, ankanena zoti Manafort anamunamiza. M'chikalatacho munali ziganizo zina zosayenera kuonedwa ndi anthu wamba, ndiye anazidetsa ndi mizere yakuda bii. Aliyense wotsegula fayiloyo akanalumbira kuti chinsinsi chabisika.

Dzuwa lisanalowe atolankhani anali atawerenga zonse. Sanabe kanthu, sanathyole kompyuta ya munthu. Anangokopera malo odetsedwawo n'kuwamata pa tsamba lina lopanda kanthu, mawu onse n'kutulukira poyera. Dziko linamva tsiku lomwelo kuti Manafort akumunena zoti anapereka zotsatira za kafukufuku wa maganizo a ovota kwa Konstantin Kilimnik, munthu amene FBI inkati ndi wogwirizana ndi akazitape a ku Russia.

Chimene chinagwetsa maloyawo n'chaching'ono. Fayilo ya PDF ili ndi zimene diso limaona ndi zimene zili mkati. Utoto wachikasu wopaka pa mawu, ndemanga ya m'mphepete, mzere wolembedwa kunsi kwa chiganizo, bokosi lakuda, zonsezi zimangokhala pamwamba pa tsamba ngati chivindikiro pa mphika. Ndiwo zili momwemo. Kuti mawu achokedi pamafunika chida china chowafufutiratu, monga chija chotchedwa Redact mu Adobe Acrobat, ndipo nachonso chimayamba n'kungoika chizindikiro. Usanatsimikize, mawu amakhala alipobe.

Amene analakwitsa pa chikalata cha Manafort chija anali anthu, ophunzira bwino komanso olipidwa ndalama zambiri. Lero cholembera chomwecho tikuchipereka kwa makina. Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa njira yotchedwa Model Context Protocol, yolumikizira mapulogalamu a AI ku zida zina za pa kompyuta, ndipo makampani ena akuluakulu anaitenganso. Kuchokera pamenepo zida zatuluka zambirimbiri zolola AI kutsegula chikalata chanu, kupaka utoto pa ndime, kulemba ndemanga, kusintha mawu, kudetsa mayina. Poyamba AI inkangokuuzani zoti mukonze, inu n'kukonza nokha. Tsopano imagwira yokha tsambalo.

Sindikunena kuti zimenezi n'zoipa. Amene anakhalapo usiku wonse akufanizira makope awiri a mgwirizano wa masamba 80 akudziwa kuti wothandiza wosatopa ndi dalitso. Koma taganizirani mlembi wa mu ofesi amene walamula AI kuti ibise mayina a odwala mu lipoti lopita kwa opereka thandizo. Ngati chida chimene AI yapatsidwa chimangotha kujambula mabokosi, ikhoza kujambula mabokosi akuda okongola, ooneka bwino kuposa a maloya aja, n'kuyankha mwaulemu kuti ntchito yatha. Sinaname mwadala. Yachita zimene chidacho chimatha. Mlembiyo akayang'ana pa sikirini aona zakuda, mtima n'kukhala m'malo, n'kutumiza.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kuposa loyambali, chifukwa limachokera m'chikalata chenichenicho. Mu Julayi 2025 nyuzipepala ya ku Japan ya Nikkei inapeza zolemba za kafukufuku 17 pa arXiv, malo a pa intaneti amene asayansi amaikapo ntchito zawo, zili ndi mawu obisika. Olembawo anali ochokera m'masukulu aukachenjede odziwika, kuphatikizapo Waseda ku Japan ndi KAIST ku South Korea. Mawuwo anawalemba ndi zilembo zoyera pa tsamba loyera, ena ndi tizilembo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Uthenga wake sunali wopita kwa munthu. Unali wolamula AI iliyonse yowerenga pepalalo kuti iliyamikire basi, isatchule zofooka zake. Mmodzi mwa olembawo anadziteteza ponena kuti ankafuna kukola ounika kafukufuku aulesi amene amapatsira makina ntchito yawo. Kaya n'zoona kaya n'kudzipulumutsa chabe, njirayo inaoneka ndi aliyense.

Akatswiri amati chinyengo chotere ndi prompt injection, ndipo mpaka pano palibe amene wachithetseratu. Chifukwa chake n'chakuti kwa AI, lamulo lanu ndi mawu a m'chikalata zonse zimafika ngati mawu, ndipo nthawi zina imasokoneza kuti bwana ndi uti. Pamene AI inkangowerenga, choopsa chinali kukupatsani yankho lopotoka. Koma ikakhala ndi mphamvu yolemba pa tsamba, munthu amene wakutumizirani mgwirizano akhoza kubisamo chiganizo choiuza kuti ndime yonena za chindapusa isaipake utoto. Inu mudzalandira chikalata chodzaza ndi ndemanga zanzeru pa ndime zina zonse, ndipo kuchuluka kwa ndemangako n'kumene kudzakugonetseni tulo. Tinazolowera kuti pamene wokonza sanalembepo kanthu ndiye kuti palibe vuto.

Palinso nkhani ya dzina. Mu Microsoft Word, kusintha kulikonse kolembedwa ndi Track Changes kumakhala ndi dzina la wosinthayo komanso nthawi. AI ikamagwira ntchito kudzera mu akaunti yanu, dzina limenelo likhoza kukhala lanu. Mu Juni 2023 woweruza Kevin Castel wa ku New York analipiritsa maloya awiri ndi kampani yawo madola 5,000 chifukwa chopereka kukhoti milandu yakale yopeka, imene ChatGPT inawalembera pa mlandu wa kampani ya ndege ya Avianca. Chindapusacho sichinapite kwa ChatGPT.

Choncho inu amene mwayamba kutuma makinawa, apatseni kope, fayilo yeniyeni ikhale padera. Musawalole kusintha mawu mwakachetechete. Kusintha kulikonse kuzionekera, ndipo batani la Accept All, lovomereza zosintha zonse nthawi imodzi, muziliopa. Chikalata chochokera kwa munthu amene muli naye pa malonda kapena pa mlandu, ndime zake za ndalama, masiku ndi zilango muziwerenge nokha, kaya AI yalembapo ndemanga kaya ayi. Ndipo fayilo iliyonse yodetsedwa, musanaitumize, sankhani mawu onse, kopani, matani pa tsamba lopanda kanthu, muone chimene chituluke. Ntchitoyo sitenga ngakhale mphindi imodzi.