Kompyuta ikakana kutsegula mafayilo a pa diski, musathamangire kufomata

Masiku ano zolemba za chitukuko m'mawodi mwathu sizikusungidwa m'makope okha. Alembi a makomiti a VDC ndi ADC, makomiti a sukulu, magulu a banki m'khonde ndi makalabu a alimi akusunga malipoti a misonkhano, mayina a opindula ndi zithunzi za ntchito pa fulashi kapena pa hard drive yolumikiza ndi chingwe cha USB. Koma limafika tsiku limene foda yomwe mumaitsegula nthawi zonse imakana, ndipo kompyuta imalemba kuti "Access is denied" kapena "You don't currently have permission to access this folder". Ena akaona zimenezi amaganiza kuti diski yafa, amaifomata, ndipo ntchito ya zaka zingapo imathera pomwepo. Nthawi zambiri mafayilowo amakhala ali bwinobwino. Chimene chasowa ndi chilolezo chabe. Phunziro la m'kope lino ndi lothandiza amene amagwiritsa ntchito Windows 10 kapena Windows 11.

Chimachititsa n'chiyani?

Diski iliyonse ili ndi dongosolo lake losungira mafayilo. Madongosolo odziwika ndi atatu: NTFS, FAT32 ndi exFAT. Kuti mudziwe la diski yanu, tsegulani This PC, dinani diskiyo ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Properties, ndipo muwerenge pamene palembedwa File system.

NTFS imasunga pa fayilo ndi foda iliyonse mwini wake ndiponso amene ali ndi ufulu wowerenga, wosintha kapena wofufuta. Komatu Windows siidziwa munthu ndi dzina. Akaunti iliyonse ili ndi nambala yakeyake yaitali yoyamba ndi S-1-5-21, monga momwe anthu awiri a dzina limodzi amasiyanirana pa nambala ya chiphaso cha unzika. Mukalumikiza diski pa kompyuta ina, kapena wokonza akakuikirani Windows yatsopano, nambala ya akaunti imakhala ina ngakhale dzina litakhala lomwe lija. Choncho foda imakuonani ngati mlendo.

Momwe mungabwezeretsere chilolezo

Muyenera kulowa ndi akaunti ya Administrator. Ngati uthenga wokanawo uli ndi batani lolembedwa Continue, yambani mwadina limenelo, chifukwa kawirikawiri vuto limathera pomwepo. Likapanda kuthandiza, tsatani ndondomeko iyi:

1. Dinani fodayo ndi batani la kumanja, sankhani Properties, kenaka Security, kenaka Advanced.

2. Chapamwamba, pamene palembedwa Owner, dinani Change. Lembani dzina la akaunti yanu, dinani Check Names, kenaka OK.

3. Chongani kabokosi kolembedwa "Replace owner on subcontainers and objects" ndi kudina Apply. Izi zimachititsa kuti umwini ufike pa zonse zimene zili m'kati mwa fodayo. Ngati mafayilo ndi ochuluka, ntchitoyi imatenga nthawi. Musazule chingwe, ndipo onetsetsani kuti laputopu ili ndi moto wokwanira kuti magetsi akazima isazime pakati pa ntchito.

4. Tsekani mawindo onse ndi kutsegulanso Properties ndi Security. Dinani Edit, kenaka Add, lembani dzina la akaunti yanu, chongani Full control pansi pa Allow, ndi kudina OK.

5. Ngati mafayilo ena a m'kati akukanabe, bwererani pa Advanced ndi kuchonga kabokosi ka m'munsi koyamba ndi mawu oti "Replace all child object permission entries".

Kukhala mwini ndi kukhala ndi chilolezo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ambiri amalekera pa ndime yachitatu n'kumadabwa kuti foda ikukanabe. Umwini umangokupatsani mphamvu yosintha zilolezo. Ndime yachinayi ndiyo imatsegula chitseko.

Chitani zimenezi pa diski yolumikiza yokha. Musayese kusintha umwini wa mafoda a Windows pa diski ya C, chifukwa mukhoza kusokoneza kompyuta yonse.

Pamene vuto si la chilolezo

Ngati pa Properties palibe Security, diski yanu ndi ya FAT32 kapena exFAT, ndipo madongosolo awiriwa sasunga zilolezo. Apo vuto lili pena.

Uthenga wakuti "The disk is write-protected" umatanthauza kuti diski ikulola kuwerenga kokha. Pa memori khadi yaikulu ya SD yang'anani kaswitchi ka m'mbali kolembedwa Lock. Ngati ndi fulashi yakale yopanda kaswitchi, mwina ikutha ntchito ndipo yadzitseka yokha. Koperani zonse zili m'menemo tsiku lomwelo.

Mafoda akasanduka ma shortcut mutachoka kosindikiza mapepala, imeneyo ndi vairasi imene yabisa mafoda enieni. Musadine ma shortcut amenewo. Yambani mwaunika diskiyo ndi Windows Security, kenaka tsegulani Command Prompt ndi kulemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha diski yanu.

FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4GB, choncho vidiyo yaitali ya msonkhano imakanidwa ngakhale malo alipo. Kompyuta ya Mac imawerenga diski ya NTFS koma siilembapo. Pa mavuto awiriwa exFAT ndiyo yothandiza, koma poti kusintha dongosolo kumafuna kufomata, yambani mwakopera mafayilo onse pamalo ena.

Diski yotsekedwa ndi BitLocker siitseguka ndi ndondomeko ya pamwambayi. Imafuna pasiwedi yake kapena nambala yobwezeretsera ya manambala 48. Ndipo diski ikamalira kuti khwe khwe, kapena kompyuta ikafunsa kuti muifomate musanaigwiritse ntchito, dinani Cancel, muizule bwino, mupite nayo kwa katswiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chilolezo cha kompyuta si chilolezo cha mwini

Phunziroli likuonetsanso chinthu china chofunika. Ngati inu mungatsegule foda yokana pogwiritsa ntchito akaunti ya Administrator, wina aliyense wotola diski yanu angachitenso chimodzimodzi. Zilolezo za NTFS si loko yoletsa wakuba. Diski imene ili ndi mayina, manambala a ziphaso kapena masheya a mamembala izisungidwa pamalo okhomedwa, osati kumayenda nayo m'thumba pamodzi ndi ya nyimbo.

Komanso njira imeneyi ndi yotsegulira mafayilo anu kapena a komiti imene yakupatsani udindo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la chaka cha 2016 limaletsa kulowa m'zosungidwa pa kompyuta za eni popanda chilolezo.

Kupewa

Komiti iliyonse izisunga zolemba zake pamalo awiri, ndipo malipoti ofunika kwambiri azisindikizidwanso pa pepala. Musanazule diski, muzidina Eject. Mlembi akamatula pansi udindo, asangopereka diski m'manja: ailumikize pa kompyuta ya womulowa m'malo pamaso pa wapampando, atsegule foda iliyonse, ndipo apereke pasiwedi ngati ilipo. Musanapereke kompyuta kuti aikemo Windows yatsopano, koperani mafayilo anu kaye.

Ngati mwafika pa ndime imene simukuimvetsa, imani pomwepo ndi kufunsa wodziwa za makompyuta musanadine china chilichonse. Foda yokana kutseguka lero imatsegulika mawa, koma zolemba za pa diski yofomatidwa sikawirikawiri kubwerera zonse.