Za Kusoka Diresi la Ukwati

Dzinthu zalowa m'nkhokwe, ndipo nyengo ya maukwati yafika. Kawirikawiri taona mkwatibwi alikuyenda chowerama, si chifukwa cha ulemu ai, koma chifukwa diresi lamthina m'khwapa, ndipo aopa kuti msoko ungang'ambike pamaso pa anthu. Chikhalirecho atate wache anagulitsa mbuzi kuti agule nsaluyo. Tsono mutu wa phunziro lathu ndi uwu: nsalu yotsala ipindika, koma yodulidwa sibweranso.

Choyamba, tisanagwire sizasi, tichape nsalu ndi kuisita, pakuti nsalu ya thonje ifupika ikalowa m'madzi. Amene adula asanachape asokera mng'ono wa mkwatibwi, osati mkwatibwi mwini.

Chachiwiri, tiyese thupi ndi tepi: m'mapewa, pachifuwa, m'chiuno, m'matako ponenepa penipeni, mkono, ndi utali kuchokera paphewa kufikira pamene diresi lidzalekeza. Tepi ikasowa, chingwe chomanga mfundo chikwanira. Pogula tikumbukire kuti yadi ndi mainchi 36, koma mita ipitirira pang'ono mainchi 39. Pachifuwa tiwonjezepo mainchi 2 kapena 3, pakuti munthu ayenera kupuma, kugwada ndi kuvina. Podula tisiye inchi 1 m'misoko ya m'mbali, ndi mainchi 2 kumpendero.

Chachitatu, tisathamangire makina. Tiyambe talumikiza zidutswa ndi ulusi wa mtundu wina, posoka motalikitsa, kuti kumasula kusavute. Mkwatibwi avale diresilo chotembenuza, misoko ili kunja, nakweze manja, nakhale pampando, nayende. Pamenepo nsalu idzatiuza yokha cholakwa chache.

Makwinya opingasa atanthauza kuti pathina. Timasule msoko wa m'mbali, tibweze nsalu ija tinasiya, mofanana mbali zonse ziwiri. Makwinya otsika atanthauza kuti pakula. Titsine nsalu ndi mapini, tilembe ndi choko, tisokenso cham'kati. Pakathina m'khwapa ndipo nsalu yotsala palibe, tidule kachidutswa ka ngodya zinayi, mbali zache mainchi 2 kapena 3, tikalowetse pamene msoko wa mkono ukumana ndi wa m'mbali. Mkono udzakwera mwaufulu, ndipo kachidutswako sikaoneka. Khosi likayasama, tikweze pang'ono msoko wa paphewa cha kukhosi. Koma tikonze cholakwa chimodzi, avalenso, ndipo tione china; tiyambire kumapewa kutsikira pansi, popeza diresi lonse lilendewera pamapewa.

Mpendero ndiwo womalizira. Tipachike diresi usiku umodzi kuti nsalu itsike. M'mawa mkwatibwi aimirire pamalo osalala atavala nsapato za tsikulo, mnzache ayese ndi kamtengo kuchokera pansi, nazungulire ndi mapini. Ntchito iyi munthu sangaichite yekha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Potsiriza, ntchito yonse ithe kutatsala sabata, ndipo inchi ija isadulidwe, ikhale m'kati. Thupi lisintha, ndipo diresi la nsalu yotsala lidzapitanso ku maukwati ena zaka zambiri. Amayi odziwa singano, aphunzitseni izi ana anu akazi, kuti mbuzi ya atate isapite pachabe.