Amuna anga akupanga ndege m'galaja, kodi ndidzakwere?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku England. Bambo a kunyumba ndi makaniko, komanso ali ndi chiphaso choyendetsera ndege zing'onozing'ono. Kwa zaka zingapo akhala akulumikiza ndege ya anthu awiri, ya mtundu wa RV-7, m'galaja mwathu. Panopa afika pa chivindikiro choonekera chimene chimatseka pamwamba pa mipando, iwo amati canopy. Choyamba chinang'aluka pobowola, ndalama n'kulowa m'madzi. Pa chachiwirichi akuti loko wa papulani ndi wovuta, apanga wawowawo. Tsiku lina anandikhazikamo n'kutseka, thukuta linali kamukamu. Nditadandaula anangoti kukatentha tizidzasiya chotsekula pang'ono. Akufuna ndidzakhale woyamba kukwera nawo, koma ndikafunsa mafunso amati sindiwakhulupirira. Kodi ndiuze ankhoswe kumudzi awaletse, kapena ndingolimba mtima?

Mayi wa nkhawa, Leicester

Azakhali akuyankha

Ankhoswe ayambe apuma. Amalume a kumudzi angaweruze bwino za ndalama zimene zinapita ndi chivindikiro choyamba chija, koma za loko wa ndege woweruza wake alipo kale, ndipo akukhala ku England komweko. Mayiwa sanalakwe kufunsa. Zinthu ziwiri zimene zawasowetsa tulo, loko ndi kutentha, n'zolumikizana kuposa momwe bambowo akuganizira.

Choyamba mtima ukhale m'malo pa ntchito yeniyeniyo. Kulumikiza ndege pakhomo si misala. Kampani ya Van's Aircraft ya ku Oregon, ku America, imene anayambitsa Richard VanGrunsven kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, imagulitsa ndege zoterezi m'zidutswa, ndipo zoposa 10,000 zinamalizidwa n'kuuluka. Ku Britain ntchitoyi imayang'aniridwa ndi bungwe la Light Aircraft Association, lomwe likulu lake lili pa bwalo la ndege la Turweston. Wopanga ndege aliyense amakhala ndi woyendera wovomerezeka ndi bungweli, amene amaona ndi kusainira gawo lililonse la ntchito. Kusintha chinthu chimene chili papulani kumafuna chilolezo cha akatswiri a bungweli. Choncho loko wopeka yekha sangangolowa mu ndege chifukwa choti mwini wake ndi makaniko waluso, ndipo mayiwa akafunsa ngati woyenderayo wauona, akufunsa zimene malamulo omwe amafunsa.

N'chifukwa chiyani kaloko kakang'ono kakuchititsa nkhani chonchi? Mphepo ikamadutsa mwaliwiro pamwamba pa chivindikiro chokhota, imachikokera m'mwamba. RV-7 imathamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, ndiye kukokako si kwamasewera. Chivindikiro chokhala ndi mahinjesi kutsogolo chikamasuka, kumbuyo kwake kumanyamuka, mkati mumadzaza chiphokoso, mapepala n'kuyamba kuuluka. Ndege zambiri zimatha kuulukabe zili choncho n'kukatera bwinobwino, koma zina zimagwetsa mphuno mwadzidzidzi. Mu Malichi 2013, pafupi ndi Collegedale ku Tennessee, bambo wina ankaphunzira kuyendetsa ndege ya mtundu wa Zodiac 601 chivindikiro chake chitatseguka m'mwamba. Ndegeyo inazyolika, ndipo iye, poti lamba wake sanali womanga, anaponyedwa kunja n'kufa. Mlangizi wake, yemwe anali m'lamba, anakaitereza ndegeyo osavulala.

Zimene alangizi amaphunzitsa pa vutoli n'zachidule: chivindikiro chikatseguka, woyendetsa asalimbane nacho, asamasule lamba, ayendetse ndege mpaka itere. Ambiri amene ngozi yotereyi yawapweteka anali atasiya chiwongolero n'kutembenuka kuti atseke.

Kutembenuka kumeneku ndi kumenenso kunapha woimba wotchuka John Denver pa 12 Okutobala 1997, pa gombe la Monterey ku California. Ndege yake ya Long-EZ inali yopangidwa pakhomo ndi munthu wina, yemwe anasamutsa chosinthira mathanki a mafuta. Pulani inati chikhale pakati pa miyendo ya woyendetsa, iye anachiika kumbuyo kwa phewa lamanzere. Ofufuza anapeza kuti Denver, pofuna kuchifikira, anapotoza thupi, ndege n'kumupulumuka. Wosinthayo anali ndi zifukwa zake zooneka zanzeru, monganso bambo a ku Leicester ali nazo zawo. Chogwirira chilichonse cha m'chipinda cha woyendetsa chiyenera kufikika ndi dzanja limodzi munthu ali m'lamba, ndipo chizioneka ndi maso kuti chatseka kapena ayi.

Tsopano za kutentha, pamene pagona nkhani yonse. Pa RV-7 ya chivindikiro chonyamukira kutsogolo pamakhala zotsekera ziwiri: chogwirira cha m'mbali chimene chimakoweka ngowe zakumbuyo, ndi kachogwirira kena kapamwamba kamene kamakolowekedwa pansi pa chitsulo chotchinjiriza mitu. Oyendetsa ambiri amasiyadi chivindikiro chili pululu pang'ono poyenda pansi kupita poyambira kuthamanga, ndipo pamenepa bambowo sananame. Msampha wake ndi woti chivindikiro chongotsamira chimaoneka ngati chotseka. Munthu watenthedwa, wailesi ikulankhula, ndege ina ikudikira kumbuyo, iye n'kuponda moto osakhoma. Mkati mukamatentha kwambiri, m'pamenenso munthu amachedwetsa kutseka mpaka mphindi yomaliza, ndiye kuiwala kumabwera mosavuta. Ndipo asanamizidwe kuti ku England kulibe dzuwa: pa 19 Julaye 2022 ku Coningsby kunatentha madigiri 40.3.

Mankhwala ake ndi kukonza kayendedwe ka mpweya kuti kutseka kusamawawe. Ndege zoterezi zimakhala ndi timakomo tolowera mpweya m'mbali mwa thupi lake, topendekera mkati, ta mtundu umene unapangidwa mu 1945 ndi bungwe la NACA, lomwe linadzasanduka NASA mu 1958. Kuchoka pamenepo kapaipi kamapititsa mpweya ku kabowo kotembenuzika kamene wokwera amalozetsa kumaso kwake. Chimene opanga ambiri amaiwala n'chakuti mpweya sulowa bwino ngati ulibe potulukira, choncho kumbuyo kwa mipando kumafunika njira yoti utulukire. Kansalu kopindika kotchinga dzuwa pamwamba pa mitu kamathandizanso kwambiri. Mayiwa akumbukire kuti tsiku limene anatuluka thukuta m'galaja, injini inali yozima ndipo ndege inali chiimire, choncho timakomoto sitinkagwira ntchito.

Pa kuiwala, zotchinga zikhale zitatu. Mawu oti chivindikiro chakhomedwa alembedwe pa mndandanda wa zoyenera kuona asananyamuke. Woyendetsa azichikankha ndi dzanja kuti atsimikize. Ndipo pa ngowe penipenipo paikidwe kaswichi koyatsa getsi lofiira kapena kuliza belu ngati loko sanalowe mpaka kumapeto. Wokwera naye ali ndi gawo lake: kuyang'ana zotsekera zonse ziwiri n'kunena mokweza kuti zatseka. Ntchito imeneyi mayiwa angaigwire bwino, poti kuchipatala anazolowera kutsimikizirana mankhwala ndi mnzawo asanapereke kwa wodwala.

Pali mdani wina amene kalatayi sinamutchule, mpweya wa carbon monoxide wochokera ku ekizozi. Ndi womwe uja umapha banja logona ndi mbaula m'nyumba yotseka: ulibe fungo, ulibe mtundu, umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo. Mu ndege yaing'ono umalowera m'ming'alu ya khoma lolekanitsa injini ndi anthu, m'mipata ya chivindikiro chosakhala bwino, kapena m'chotenthetsera mkati, chimene chimatenga kutentha kwake pa paipi ya ekizozi. Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala, amene anafa pa 21 Januwale 2019 ndege ya Piper Malibu itagwera m'nyanja pochoka ku Nantes kupita ku Cardiff. Ofufuza ngozi a ku Britain anapeza mpweyawu m'magazi ake pa mlingo wa 58 peresenti, pomwe kupitirira 50 munthu akhoza kukomoka ngakhale kufa. Kuyambira pa 1 Januwale 2025, bungwe la Civil Aviation Authority linalamula kuti ndege zazing'ono za injini ya mapisitoni zizikhala ndi kachipangizo kochenjeza za mpweyawu zikanyamula munthu amene si woyendetsa ndege. Munthu ameneyo, pa nkhani ino, ndi mayiwa.

Za chivindikiro chong'aluka chija, bambowo akhululukidwe, chifukwa zagwera ambiri. Si galasi lenileni koma pulasitiki ya acrylic, imene imafufuma ndi kutentha pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu. N'chifukwa chake mabowo ake amakulitsidwa pang'ono kuposa zomangira, zomangirazo sizilimbitsidwa kwambiri, ndipo kudula ndi kubowola kumachitika m'chipinda chofunda, ndi choboolera chosongoledwa mwapadera, m'mphepete monse n'kusalalitsa. Ena sabowola n'komwe, amamata ndi guluu wa Sikaflex, woyendera akavomereza. Posamba pake pamafunika madzi, sopo wofewa ndi nsalu yofewa. Mankhwala otsukira mawindo okhala ndi amoniya amachiwononga.

Loko wabwino ayeneranso kulola anthu kutuluka. Ndege yaing'ono ikatera mokakamizika m'munda wofewa imatha kugudubuka chagada, chivindikiro n'kupanikizika pansi. Pafunika kachida koswera pulasitikiyo, komangirira pamalo ofikika, ndipo kunja kwa ndege kulembedwe bwino momwe wopulumutsa angatsekulire.

Nanga awalankhule bwanji amuna awo? Munthu amene wathera zaka pa ntchito ya manja ake amamva funso lililonse ngati chitonzo, makamaka likabwera pa nthawi ya mkangano wa ndalama. Mayiwa asankhe tsiku labwino, apemphe kuti woyendera uja akadzabweranso iwo adzakhalepo, adzakonze tiyi, mafunso adzafunse pamaso pa onse awiri. Za kukhala woyamba kukwera asade nazo nkhawa, chifukwa ndege yatsopano imayamba yayesedwa m'mwamba popanda okwera wamba, chilolezo chonse chisanatuluke. Chikatuluka, iwo ali ndi ufulu wodikira mpaka ataona zinthu izi ndi maso awo: loko wa papulani kapena wina wokhala ndi kalata yomuvomereza, getsi lochenjeza likuyaka, mpweya ukuwomba kumaso injini ikulira, kachipangizo ka carbon monoxide kali pamalo pake, ndiponso iwo eni atayeserera kangapo kutsekula ndi kutuluka okha ndege ili pansi. Ulendo woyamba ukhale waufupi, wa m'mawa kusanatenthe, wongozungulira bwalo n'kutera.