Kubwerera kwa Yatuta Chisiza: Mafunso ndi Mayankho

Funso: Kodi Yatuta Chisiza, amene mathero ake adachitikira m'dera lino la Mwanza ndi Neno, adali yani?

Yankho: Adali mwana wa ku Karonga, wobadwa m'chaka cha 1926, mkulu wake wa Dunduzu Chisiza. Atagwirako ntchito ya upolisi ku Tanganyika, adabwerera kwawo kudzalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndipo pamene atsamunda adasesa atsogoleri a chipani cha Congress m'mwezi wa March 1959, iye adakatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr Kamuzu Banda, Masauko Chipembere ndi mng'ono wake uja. Ufulu utadza pa 6 July 1964, adali nduna yoona za m'dziko.

Funso: Nanga chidamuchotsa pampando woterewo nchiyani?

Yankho: Pasanathe miyezi itatu mbendera itakwezedwa, nduna zidadandaulira Kamuzu kuti akusenza yekha denga la dziko, kuti odwala akulipitsidwa tiki kuchipatala, ndi kuti akupalana ubwenzi ndi Apwitikizi amene adali kupondereza abale athu a ku Mozambique. Kamuzu adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo mu September 1964. Yatuta, posafuna kudya nsima anzake atachotsedwa pamphasa, adatula pansi udindo, nathawira ku Tanzania.

Funso: Popeza kwawo kudali kumpoto, adadzeranji kuno kummwera?

Yankho: Aliyense wodziwa dziko lino angaone nzeru yake. Kuchokera kumalire a Mozambique, munthu akatsika mapiri a Kirk Range, nawoloka Wamkulumadzi ndi Lisungwi, wafika pa Shire. Ndipo akaoloka Shire cha ku Matope, Blantyre ali pafupi. Midzi idali yotalikirana, misewu yovuta, monga momwe okwera ku boma la Neno nyengo ya dzinja akhala akudandaulira kwa zaka zambiri. Chomwecho, ataphunzira za nkhondo kunja, adadzera ku Zambia ndi ku Mozambique m'chaka cha 1967, ali ndi kagulu ka amuna osakwana 30, pokhulupirira kuti anthu akangomuona adzadzuka nam'tsata.

Koma taonani nyengo imene adasankha! Mu October tchire lapsa, mitengo yayoyola masamba, madzi atsala m'zithaphwi zowerengeka zomwe amayi a m'mudzi amatungako m'mawa uliwonse. Phazi la nsapato yachilendo pamchenga silingabisike. Ndiponso mlendo kwathu kuno sadutsa osafunsidwa kumene achokera, ndipo masiku amenewo kupatsa madzi munthu wotchedwa chigawenga kudali kudziitanira tsoka pakhomo.

Funso: Zidatha bwanji?

Yankho: Asilikali a boma adawazinga mu October yemweyo. Yatuta adawomberedwa nafa, pamodzi ndi mnzake Lutengano Mwahimba. Ena adapulumukira kunja, ndipo ambiri mwa amene adagwidwa adazengedwa mlandu woukira boma naweruzidwa kuti anyongedwe.

Funso: Akadabwera wopanda mfuti, kodi sakadakhululukidwa?

Yankho: Nkhani ya Orton Chirwa iyankhe. Iyeyu, amene adayambitsa Malawi Congress Party m'chaka cha 1959 nasungira Kamuzu mpando kufikira atatuluka m'ndende, adagwidwa cha kumalire a Zambia pa 24 December 1981 pamodzi ndi mkazi wake Vera ndi mwana wawo Fumbani. Bwalo la mafumu, kumene woimira pa mlandu sadali kuloledwa, lidagamula mu 1983 kuti awiriwo aphedwe. Chilangocho chidasandulika ndende ya moyo wonse, ndipo Orton adamwalira ku Zomba pa 20 October 1992. Vera adamasulidwa mu January 1993.

Funso: Tsono timutche ngwazi kapena chigawenga?

Yankho: Ife tiona kuti Yatuta adalakwa poyesa kuti mfuti zowerengeka zingachite chimene anthu adachita ndi mavoti a riferendamu pa 14 June 1993, komabe nkosayenera kuiwala kuti wotchedwa chigawenga mu 1967 ndi yemwe uja adagona ndende ya Gwelo chifukwa cha ufulu wathu. Inu ana a ku Neno, amene boma lanu lidapatuka ku Mwanza mu 2003, agogo amene adali kubusa mbuzi m'chaka cha nkhondoyo akalipo m'midzi mwanu. Kawafunseni zimene adaona, ndipo muzilembe iwo akadali moyo.