Kusunga kufiira kwa kandolo kuyambira m'botolo mpaka mumphika

Chimene chimafiiritsa mkati mwa kandolo wa Olympia, Chumfwa kapena Twatasha ndi beta-carotene, yemwe thupi limamusandutsa vitamini A. Magalamu 125 a kandolo wofiira bwino amapatsa mwana wosayamba sukulu vitamini A wokwanira tsiku lonse. Koma kufiirako n'kwachibadwa. Kandolo woyera safiira ngakhale mumuthire feteleza wochuluka bwanji, choncho ntchito yanu, alimi a ku Petauke ndi Nyimba, ndi kupeza mtundu woyenera n'kuuteteza.

Yambani ndi mbewu. Ku labotale akatswiri amadula kansonga ka kholowa kosakwana milimita imodzi, n'kukalera m'botolo pa chakudya chogwirana ngati phala lozizira, cha shuga ndi michere, nyali zikuyaka. Mavairasi kawirikawiri amakhala asanafike pansongapo, ndiye mbande yotuluka m'botolomo imakhala yopanda matenda. Botolo siliwonjezera kufiira. Limachotsa chimene chimafooketsa mbewu. Funsani alangizi a pa kampu yanu kuti akulozereni alimi ochulukitsa mbewu yochokera ku bungwe lofufuza zaulimi la ZARI, lomwe lili ndi malo ofufuzira ku Msekera, ku Chipata. Kholowa wopempha kwa anansi, wa masamba opiringizika ndi amawangamawanga, musiyeni ngakhale akhale waulere.

Mukalandira mbande zanthete, muziike pamthunzi ndi kuzithirira pang'onopang'ono mpaka zitazolowera kunja. Kenaka zibzaleni m'kanazale kophimbidwa ndi neti yamaso aang'ono. Apa ambiri amachita ulesi, pomwe ndi pofunika kwambiri: nsabwe za m'masamba ndi tintchentche toyera ndizo zimabweretsanso mavairasi, ndipo kabowo kamodzi pa neti kangawononge ntchito yonse ya ku labotale. Sokani pong'ambika tsiku lomwelo. Phata lililonse lopinimbira lizuleni, mukalikwirire kutali.

Mvula ikakhazikika, dulani nsonga za kholowa wa m'kanazalemo zotalika masentimita 30, mubzale pamizere motalikana masentimita 30, mfundo ziwiri kapena zitatu zili pansi pa dothi.

Musathamangire kukumba. Kandolo amafiira akamakhwima, ndipo wa miyezi iwiri amakhala wotuwa mkati. Dikirani miyezi inayi kapena isanu. Mzere ukayamba kung'aluka, makamaka kumadera otentha a ku Nyimba kolowera ku Luangwa, kwirirani ming'aluyo ndi dothi, chifukwa ndi momwe nankafumbwe amalowera n'kuwawitsa kandolo. Ndipo mvula isanathe, samutsirani kholowa wina kudimba kuti mbewu ipyole chilimwe.

Kufiira kwambiri kumatayika pokonza makaka. Dzuwa, kutentha ndi mpweya zimawononga beta-carotene, moti makaka ogona masiku ambiri pamwala kapena padenga la malata amayera mukuona. Lengulani kandolo mopyapyala kuti aume msanga, muyanike pathandala pamthunzi popita mphepo. Akauma, sungani m'thumba lotseka bwino, pamdima, ndipo mudye pasanathe miyezi iwiri, pakuti akakhalitsa vitaminiyo amapita ngakhale makakawo akuoneka abwino.

Kandolo wamuwisi muphike ndi makoko, mphika uli wovundikira, madzi ochepa. Kwa ana, futali wa nsinjiro za nsawa za Chalimbana ndiye woposa, chifukwa mafuta a nsawa amathandiza thupi kuyamwa beta-carotene.